CHIMBALE CHIMENE CHINAFUNSA FUNSO

1. Mbale Zoimba

M'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, muli malo otchedwa Kasinje. Anthu a kumeneko ndi alimi a chimanga ndi thonje. Njanje yochokera ku Blantyre kunka ku Salima inapyola m'chigwa chimenechi, ndipo sitima zinayamba kuyenda pa njanjeyo m'chaka cha 1935. Masiku amenewo amuna ambiri a m'boma la Ntcheu anali kusiya makasu ao ndi kupita kutali kukafuna ndalama za msonkho ndi za zovala. Ena anapita ku Salisbury, kumene anthu anali kutcha ku Halale. Ena anakalowa m'migodi ya ku Johannesburg, kumene anali kutcha ku Joni.

Pochokera ku ulendo wotere munthu sanali kufuna kufika kwao chimanjamanja. Wina anabwera ndi njinga, wina ndi makina osokera, wina ndi mabulangete. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinali kusonkhanitsa mudzi wonse madzulo, ndicho galamafoni. Mwini wake anali kuipukusa ndi dzanja, naika singano pa mbale yakuda yozungulira, ndipo liu la munthu wosaoneka linali kutuluka m'bokosi. Mbale zimenezo sizinali kuchedwa kusweka, ndiponso mbali imodzi inali kutenga nyimbo imodzi yokha ya mphindi ngati zitatu. Nyimbo ikatha, mwini wake anali kutembenuza mbale ija kuti anthu amve ya kuseri.

M'chaka cha 1948 kampani ya Columbia ya ku America inatulutsa mbale ya mtundu wina. Mbale imeneyi inali kuzungulira pang'onopang'ono, kotero kuti mbali imodzi inali kutha kuimba mphindi zoposa 20. Mbale yotere, yosenza nyimbo zambiri pamodzi, ndiyo imene pa Chichewa itchedwa chimbale. Dzinali silinafe ngakhale pamene kunabwera makaseti, ndi pambuyo pake nyimbo zomvera pa lamya ya m'manja.

Zimbale zambiri zili ngati dengu la mkazi wochokera ku msika, m'mene muli mchere, sopo, matemba ndi machesi, zinthu zimene zangokumana paulendo. Koma zilipo zina zowerengeka zimene zili ngati mlandu wokambidwa pa bwalo ndi munthu wodziwa kulankhula: uyamba bwino, ulondola njira imodzi, nufika pa mapeto ake. Nkhani ino ndi mbiri ya chimbale chimodzi chotere. Dzina lake ndi What's Going On, ndiko kunena kuti, "Kodi chilikuchitika n'chiani?" Mwini wake anali Marvin Gaye, munthu wakuda wa ku America, ndipo chinatuluka m'chaka cha 1971. Dziko lake ndi lakutali, koma zimene zili m'mbiri yake si zachilendo kwa munthu wa ku Kasinje. Muli thonje, muli ulendo wokafuna ntchito, muli msilikali wobwera ku nkhondo, mulinso kuvuta kwa kunena zoona pamaso pa mlamu wolemera.

2. Anthu a Thonje Apita ku Mizinda

Makolo a anthu akuda a ku America anatengedwa ku Africa monga akapolo. Ambiri a iwo analima thonje m'minda ya Azungu kumwera kwa dzikolo. Ukapolo unathetsedwa m'chaka cha 1865, koma umphawi ndi tsankho zinatsala. Munthu wakuda anali ndi sukulu yake, khomo lake ndi mpando wake wa kumbuyo m'basi, ndipo thukuta lake la m'munda silinali kumlemeretsa. Chifukwa chake, kuyambira cha m'ma 1916 kufikira 1970, anthu akuda ngati 6 miliyoni anachoka kumwera, nasamukira ku mizinda ya kumpoto ndi ya kumadzulo. Umodzi wa mizinda imeneyi unali Detroit, kumene kunali mafakitale akuluakulu opanga galimoto.

Anthuwa anasiya minda, koma nyimbo zao anapita nazo. Anali ndi nyimbo za m'tchalitchi, m'mene mmodzi ayamba ndipo ena onse avomera, monga achitira anthu a ku Africa. Analinso ndi nyimbo za madandaulo zotchedwa blues. Pamene mitundu iwiriyi inakumana m'mizinda ndi ng'oma, malipenga ndi magitala a magetsi, panabadwa maimbidwe atsopano. Nyuzipepala ya za nyimbo yotchedwa Billboard inayamba kutcha maimbidwe amenewa rhythm and blues m'chaka cha 1949.

Ku Detroit kunali munthu wakuda dzina lake Berry Gordy, amene anagwirapo ntchito m'fakitale ya galimoto. M'chaka cha 1959 anabwereka madola 800 kwa abale ake, nayamba kampani yojambula nyimbo. Kampaniyo inadziwika ndi dzina lakuti Motown, ndilo chidule cha mau akuti "mzinda wa galimoto." Gordy anagula nyumba pa mseu wa West Grand Boulevard, nasandutsa chipinda chimodzi kukhala mojambuliramo nyimbo.

Nzeru imene anaiona ku fakitale anailowetsa m'nyimbo. Popanga galimoto, wina aika mawilo, wina aika zitseko, wina apaka utoto. Chimodzimodzinso ku Motown: ena anali kupeka nyimbo, ena anali kuomba zoimbira, ndipo woimba anali kungopatsidwa nyimbo yatha kale kuti aikepo liu lake. Lachisanu lililonse akuluakulu a kampani anali kukhala pansi kumva nyimbo zatsopano ndi kuweruza zoyenera kutuluka. Cholinga cha Gordy chinali chakuti nyimbo zake zigulidwe ndi akuda ndi Azungu omwe. Chifukwa cha ichi anali kukonda koposa nyimbo za chikondi ndi za kuvina, zimene sizikwiyitsa munthu. Nzeru imeneyi inapindula, ndipo Motown inakhala imodzi ya makampani akuluakulu a anthu akuda m'dziko lonselo.

3. Mwana wa Mbusa

Marvin Gaye anabadwa pa 2 Epulo 1939 mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la America. Atate ake anali mlaliki wa mpingo wina waung'ono wa malamulo olimba. Mwanayo anayamba kuimba m'tchalitchi akali wamng'ono ndithu, ndipo anthu anazizwa ndi kukoma kwa liu lake. Koma kunyumba kunalibe mtendere, pakuti atate akewo anali aukali, nam'menya kawirikawiri. Bala limeneli anakula nalo, ndipo silinapole moyo wake wonse.

Atakula analowa usilikali wa m'ndege kwa kanthawi kochepa, koma sanaukonde. Anatulukamo, nayamba kuimba m'magulu a anyamata. Cha m'ma 1960 anafika ku Detroit, nalowa ntchito ku Motown. Poyamba anali kuombera ena ng'oma, koma posachedwa nyimbo zake za iye mwini zinayamba kumveka pa wailesi. M'chaka cha 1963 anakwatira Anna Gordy, mlongo wake wa mwini kampani. Chotero Berry Gordy anakhala bwana wake ndiponso mlamu wake. Aliyense wodziwa za chikamwini adziwa kuti munthu wodya za pamudzi pa akazi ake sakweza mau msanga.

Zaka zimenezo Marvin Gaye anali kalonga wa nyimbo za chikondi. Anali wamtali, wokongola, wovala masuti osita bwino, wometa ndevu. Anaimba yekha, anaimbanso pamodzi ndi akazi, makamaka mtsikana wotchedwa Tammi Terrell. Kumapeto kwa chaka cha 1968 nyimbo yake yotchedwa I Heard It Through the Grapevine inakhala patsogolo pa nyimbo zonse za m'dzikomo kwa masabata 7. Anali nazo ndalama, mbiri ndi ulemu. Munthu woona patali akadati palibe chimene anasowa.

4. Zaka za Misozi

Koma zaka zomwezo zinali zowawa, kwa iye mwini ndi kwa dziko lake. Pa 14 Okutobala 1967, ali mkati moimba pamaso pa anthu ku Virginia, Tammi Terrell anakomoka nagwera m'manja mwa Marvin. Madokotala anapeza chotupa mu ubongo wake. Anamchita opaleshoni kambirimbiri, koma osathandiza, ndipo anamwalira pa 16 Malichi 1970 ali ndi zaka 24 zokha. Imfa imeneyi inamthyola mtima Marvin. Analeka kuimba pamaso pa anthu, nadzitsekera m'nyumba, nasunga ndevu, nasiya masuti aja.

Kunja nako kunali moto. M'mwezi wa Julayi 1967 mumzinda wa Detroit munabuka chipolowe chachikulu pakati pa anthu akuda ndi apolisi. Chinatha masiku asanu, ndipo anthu 43 anafa. Pa 4 Epulo 1968 Martin Luther King, mbusa amene anatsogolera anthu akuda pofuna ufulu wao mwamtendere, anaomberedwa ndi mfuti namwalira. Pamwamba pa izi zonse panali nkhondo ya ku Vietnam, dziko la kum'mawa kutsidya la nyanja yaikulu. Boma linali kulemba anyamata mokakamiza, ndipo ana a anthu osauka ndiwo anali kusowa pothawira. Asilikali a America oposa 58,000 anafera ku nkhondoyo, ndipo eni dziko la Vietnam amene anafa anachuluka koposa pamenepo kutalitali.

Mng'ono wake wa Marvin, dzina lake Frankie, anali mmodzi wa anyamata amene anapita ku Vietnam. Ali komweko anali kulemba makalata, ndipo atabwera anasimbira mkulu wake zimene maso ake anaona. Anthu a ku Malawi adziwa za asilikali obwera ku nkhondo yakutali, pakuti amuna a dziko lino a m'gulu la King's African Rifles anakamenya nkhondo ku Burma pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ndi ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Msilikali wotere afika pamudzi ndi thupi lake, koma mtima wake uchedwa m'njira. Asilikali akuda obwera ku Vietnam anapeza kuti ntchito kulibe, mitengo ya zinthu yakwera, ndipo tsankho lili pomwe analisiya. Pamene Marvin anamva zonsezi, nyimbo za chikondi zimene anali kupatsidwa zinayamba kumkhalira ngati ndiwo zopanda mchere.

5. Nyimbo Yokanidwa

Mbeu ya chimbale chija inafesedwa ndi munthu wina. Renaldo Benson anali woimba m'gulu la ku Motown lotchedwa Four Tops. Pa 15 Meyi 1969 basi ya gulu lao inafika mumzinda wa Berkeley, ku California, ndipo Benson anaona apolisi alikumenya achinyamata amene anasonkhana kuchita zionetsero. Zimenezi zinam'dabwitsa ndi kum'mvetsa chisoni, ndipo mumtima mwake munadza funso lakuti, kodi chilikuchitika n'chiani? Atabwerera ku Detroit anakhala pansi ndi mnzake wopeka nyimbo, Al Cleveland, nayamba kuumba nyimbo pa funso limeneli.

Anzake a m'gulu la Four Tops anaikana nyimboyo, nati ndi ya ndale. Tsono Benson anapita nayo kwa Marvin Gaye. Iye anailandira, nasinthamo mau ena, nakonzanso maimbidwe ake kufikira inakhala yakeyake. Analimbanso mtima kuti ntchito yoyang'anira kajambulidwe kake aigwire yekha, osadikira kuuzidwa ndi akapitao a kampani.

Anayamba kujambula pa 1 Juni 1970. Panali patangopita masabata anai chiphedwere ophunzira anai a pa sukulu yaukachenjede ya Kent State, amene anaomberedwa ndi asilikali a boma pa chionetsero chokana nkhondo. M'chipinda chojambuliramo munachitika zinthu ziwiri zosayembekezeka zimene zinakometsa nyimboyo. Choyamba, woomba lipenga lopindika lotchedwa saxophone, dzina lake Eli Fontaine, anali kungoyesa lipenga lake asanayambe ntchito yeniyeni. Marvin atamva kuyesako anati nkokwanira, ndipo ndiko kumene kumveka pa chiyambi pa nyimboyo. Chachiwiri, Marvin anaimba nyimboyo kawiri kuti asankhe pamene anaimba bwino. Amisiri a makina anasakaniza maimbidwe awiriwo mosafuna, kotero kuti anamveka ngati anthu awiri a liu limodzi, wina kuyamba wina kuvomera. Marvin anakondwera nazo, nazisunga, ndipo kuyambira pomwepo anakonda kuimba motero.

Anaitananso abwenzi ake awiri, Mel Farr ndi Lem Barney, akatswiri a mpira wa ku America a m'timu ya Detroit Lions. Iwo pamodzi ndi ena ndiwo amveka alikulonjerana ndi kucheza pamene nyimbo iyamba, monga anthu okumana pakhomo pa mnzao. Chotero womvera alowa m'nyimbomo ngati mlendo wolandiridwa, osati ngati munthu woitanidwa ku mlandu.

Nyimbo itatha, Berry Gordy sanafune kuti ituluke. Ena amene anagwira ntchito m'kampanimo anasimba kuti anainyoza ndi mau akulu. Iye mwini pambuyo pake anakana kuti sanainyoze motero, koma anavomera kuti anaopa. Mantha ake anali akuti woimba wokondedwa chifukwa cha nyimbo za chikondi akayamba kunena za nkhondo ndi za apolisi, adzataya ogula ake ndi kuononga mbiri yake. Mantha amenewa sanali opusa, pakuti Gordy anali kudyetsa mabanja ambiri ndi kampaniyo.

Marvin sanatukwane mlamu wake, ndipo sanathawire ku kampani ina. Anangonena kuti sadzajambulanso nyimbo ina iliyonse kufikira imeneyo itatuluka. Miyezi inapita, iye ali chete. Kampani inayamba kumva kusowa kwa liu lake, pakuti nyimbo zake zinali kubweretsa ndalama zambiri. Potsiriza akuluakulu awiri a m'kampanimo, Harry Balk ndi Barney Ales, anaitulutsa nyimboyo m'mwezi wa Januwale 1971, Gordy asanavomere. Anthu anaigula mofulumira kotero kuti mbale 100,000 zoyamba sizinakwanire. Inafika pa nambala 2 pakati pa nyimbo zonse za m'dzikomo, ndi pa nambala 1 pakati pa nyimbo za rhythm and blues.

Gordy ataona zimenezi anasintha maganizo. Anapita kwa mlamu wake namuuza kuti apange chimbale chathunthu monga afunira mwini, koma achitsirize mwezi wa Malichi usanathe.

6. Za M'kati mwa Chimbale

Marvin anasonkhanitsa oomba zoimbira a ku Motown, amene anali kudzitcha Funk Brothers. Pakati pao panali James Jamerson, katswiri wa gitala wa liu lalikulu. David Van De Pitte anakonza mbali ya mavayolini, ndiwo zoimbira za zingwe zokhwekhweza ndi uta monga kaligo, ndipo oomba ake anachokera ku gulu lalikulu la mumzindamo la Detroit Symphony Orchestra. Ntchito yaikulu inatha m'masiku khumi a mwezi wa Malichi. Chimbale chinatuluka pa 21 Meyi 1971. Chinali chimbale chake cha nambala 11, ndipo chinali ndi nyimbo 9 zotha mphindi ngati 35. Pa chikuto pake panali chithunzi cha Marvin wandevu, atavala jasi lakuda, ataima pa mvula, alikuyang'ana patali.

Chimbale chonse chili ngati ulendo wa msilikali wobwera ku nkhondo amene alikuyenda m'mzinda wa kwao ndi kuona m'mene zinthu zakhalira. Nyimbo yoyamba ilankhula kwa amai olira ana ao, kwa abale amene alikutha, ndi kwa atate, ndipo ipempha kuti anthu ayambe akambirana asanagwire zibonga. Yachiwiri, imene Marvin anaipeka poganizira Frankie, ndi ya msilikali wofunsa za kumudzi ndi wosowa ntchito. Yachitatu inena za munthu wogwidwa ukapolo ndi mankhwala ozunguza bongo, amene adziwa kuti alikudzipha koma alephera kuleka. Yachinai ipempherera ana amene adzalandira dziko loonongeka. Yachisanu ikumbutsa za chikondi cha Mulungu.

Yachisanu ndi chimodzi, yotchedwa Mercy Mercy Me, ilira chifukwa cha mpweya wodetsedwa ndi utsi, nyanja yothiridwa mafuta, ndi nsomba zolowedwa chiphe. Masiku amenewo nyimbo zotchuka zonena za chilengedwe zinali zosowa. Mlimi amene anaona mapiri alikumetedwa mitengo ndi mitsinje ilikudzala mchenga sangavutike kumva chimene woimbayo anali kulirira.

Nyimbo zisanu ndi imodzi zimenezi zili ku mbali yoyamba ya chimbale, ndipo zilumikizana popanda kupuma, ina kulowa mwa inzake monga mitsinje ilowa mu mtsinje waukulu. Ku mbali yachiwiri kuli nyimbo zitatu. Ziwiri zinena za chikondi pakati pa anthu ndi za chikhulupiriro. Yotsiriza, yotchedwa Inner City Blues, ndiyo ya ukali koposa zonse. Inena za msonkho wolemera, za ngongole, za ndalama za boma zothera pa maulendo a ku mwezi pamene amphawi alikugona ndi njala, ndi za apolisi ofulumira kuomba mfuti. Pothera pake nyimboyi ibwerera ku maimbidwe a nyimbo yoyamba ija, kusonyeza kuti funso silinayankhidwe.

Chozizwitsa m'chimbale chimenechi n'chakuti nkhani zake ndi zowawa koma liu lake ndi lofatsa. Marvin sanakalipe. Anatcha omvera ake amai, atate ndi abale, monga achita munthu wolankhula pa maliro a pamudzi pao. Sanaloze munthu chala, koma anafunsa. Akuluakulu anati, kufunsa ndi kudziwa njira. Anatinso, safunsa anadya phula.

7. Zimene Zinatsatira

Mantha a Gordy sanapherezeke. Nyimbo zitatu za m'chimbalemo zinalowa m'gulu la nyimbo khumi zotsogola za m'dziko lonse, ndipo zonse zitatu zinafika pa nambala 1 pakati pa nyimbo za rhythm and blues. Chimbalecho chinagulidwa koposa zimbale zonse zimene Marvin anatulutsa kale.

Chinasinthanso machitidwe a kampani. Kufikira nthawi imeneyo maina a oomba zoimbira a ku Motown sanali kulembedwa pa zikuto, ngakhale kuti manja ao ndiwo anakometsa nyimbo zambirimbiri. Marvin anaonetsetsa kuti maina ao alembedwe, pakuti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mau a nyimbo zonse anasindikizidwanso pa chikuto, kuti wogula awerenge ndi kulingalira, osangovina chabe. Woimba wina wa ku Motown, Stevie Wonder, amene anali wakhungu, anakwanitsa zaka 21 mwezi womwewo wa Meyi 1971, ndipo nayenso anapambana pa kulimbana kwake kuti azipanga nyimbo zake mwa ufulu. Kuyambira nthawi imeneyo oimba a rhythm and blues anayamba kuyesedwa eni nzeru, osati antchito ongoika liu pa nyimbo za ena.

Mbiri ya chimbalechi inaoloka nyanja. Nelson Mandela wa ku South Africa, atatuluka m'ndende m'chaka cha 1990 m'mene anakhalamo zaka 27, anakacheza ku Detroit m'mwezi wa Juni. Polankhula kwa anthu zikwizikwi m'bwalo la masewera, anati iye ndi anzake anali kumvera nyimbo za mzinda umenewo ali m'ndende, ndipo anatchula mau a m'nyimbo yoyamba ya chimbale chija. M'chaka cha 2020 magazini ya Rolling Stone inafunsa oimba ndi akatswiri oposa 300 kuti asankhe zimbale 500 zopambana, ndipo What's Going On chinakhala choyamba pa zonse.

Koma mwini wake sanaone ulemu umenewu. Anatulutsa zimbale zina zotchuka, koma moyo wake unali wosakhazikika. Ukwati wake ndi Anna unatha, ngongole za msonkho zinam'panikiza, ndipo mankhwala omwe aja anawadandaula m'nyimbo anamgwira iyenso. Pa 1 Epulo 1984, ali m'nyumba ya makolo ake ku Los Angeles, analowerera mkangano wa atate ake ndi amai ake. Ndeu inabuka, ndipo atate ake anamuombera ndi mfuti imene iye mwini anawapatsa. Anamwalira tsiku lomwelo, kutatsala tsiku limodzi kuti akwanitse zaka 45. Munthu amene anapempha dziko lonse kuti atate ndi ana amvane sanaupeze mtendere umenewo m'nyumba ya kwao. Ichi sichichepetsa zoona za nyimbo zake. Chisonyeza kuti anali kuimba za bala limene anali nalo m'thupi mwake.

8. Nyimbo Inena Chimene Pakamwa Paopa

Chimene Marvin Gaye anachita si chachilendo m'midzi ya ku Malawi. Kuyambira kale mkazi wovutika ndi mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta sanali kuitanitsa bwalo. Anali kupita ku mtondo ndi mnzake, ndipo potsitsa munsi anali kuimba dandaulo lake. Mudzi wonse unali kumva, wolakwa anali kudzidziwa, koma panalibe womuimba mlandu mkaziyo, pakuti inali nyimbo. Nyimbo ili ndi njira yake yolowera pamene mau wamba atsekeredwa kunja.

Zinateronso pa nkhani za dziko. M'zaka za ulamuliro wa chipani chimodzi, lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo anthu anazolowera kulankhula monong'ona. Pamene ulamuliro umenewo unali kutha, m'zaka za 1993 ndi 1994, mnyamata wa ku Balaka, dera loyandikana ndi Ntcheu, dzina lake Lucius Banda, anatulutsa chimbale chotchedwa Son of a Poor Man. M'menemo munali nyimbo ya Mabala, yonena za zowawa zimene anthu anasunga m'mitima zaka zambiri. Maimbidwe ake anali ena, chinenero chake chinali china, koma ntchito yake inali yomweyo. Iye anamwalira m'chaka cha 2024, atakhala zaka 30 alikuimbira anthu osauka.

Kusiyana kwa Marvin Gaye ndi oimba ambiri kuli pa chimene anali nacho choti ataye. Munthu wopanda kanthu savutika kulankhula, chifukwa palibe chimene angalandidwe. Koma iye anali wotchuka kale, wodya bwino, ndiponso mkamwini wa mwini chuma. Akadatha kupitiriza nyimbo za chikondi kufikira imvi, ndipo palibe akadamdzudzula. M'malo mwake anaika mbiri yake yonse pa chiswe chifukwa cha misozi ya mng'ono wake ndi ya anthu a mtundu wake, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anakana kugwira ntchito miyezi yambiri, osati pofuna malipiro oonjezera, koma pofuna kuti funso limodzi limveke.

Galamafoni yopukusa ija inatha kale m'midzi ya m'chigwa cha Bwanje, ndipo mbale zake zinasweka. Koma funso lofunsidwa mwaulemu ndi munthu wolimba mtima silisweka ngati mbale. Likhalabe pomwepo, kudikira munthu woliyankha.